Brenda Lee: kamtsikana ka rock kamene kanakulira mu nyimbo za country

Mu Disembala 2023, nyimbo ya Khirisimasi yotchedwa "Rockin' Around the Christmas Tree" inakwera pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, mndandanda waukulu wa nyimbo zotchuka ku America. Woyimba wake, Brenda Lee, anali ndi zaka 78, ndipo palibenso wina wamkulu chotero amene anafikapo pampando umenewo. Mbiriyi poyamba inali ya Louis Armstrong, katswiri wa nyimbo za jazz, yemwe anafikapo mu 1964 ali ndi zaka 62. Komatu mawu amene anthu ankamvera pa mafoni awo sanali a gogo. Anali a mwana wa zaka 13, ojambulidwa mu 1958.

Nkhaniyi itafala, ena ankati mayiyu ndi katswiri wa country wa ku Nashville, ena nkumati ayi, ndi mmodzi mwa atsikana oyamba kuyimba rock. Onsewa sankanama. Dzina lake linalowa mu Country Music Hall of Fame mu 1997, kenaka mu Rock and Roll Hall of Fame mu 2002. Izi ndi nyumba zosungiramo mbiri ya akatswiri a mitundu iwiriyi ya nyimbo, ndipo iye ndiye mkazi woyamba kulemekezedwa konsekonse. Nanga zimatheka bwanji kuti munthu wotchuka ndi rock ali wachichepere adzadziwike ndi country atakula? Chimasintha nchiyani, mawu, zida, kapena china chake?

Mwana wodyetsa banja

Brenda Mae Tarpley anabadwa pa 11 Disembala 1944 ku Atlanta, m'chigawo cha Georgia kumwera kwa America. Kwawo kunali kosauka, m'nyumba za lendi zopanda ndi madzi a pampopi omwe. Kuyimba anayambira kutchalitchi ndi m'mipikisano ya ana, kenaka pa wailesi zazing'ono za m'deralo. Mu 1953 bambo ake anamwalira atavulala kuntchito ya zomangamanga, ndipo kamtsikana ka zaka 8 kanasanduka kodyetsa banja. Ndalama ya chakudya ndi ya lendi inkachokera pakhosi pake.

Mwayi unamugwera kumayambiriro kwa 1956 mumzinda wa Augusta. Red Foley, woyimba country wotchuka amene ankatsogolera pulogalamu ya pa kanema ya Ozark Jubilee, anafika ndi gulu lake, ndipo anthu anamunyengerera kuti amve kamwanako. Brenda anayimba "Jambalaya" ya Hank Williams. Mwezi wa Malichi usanathe anali ataonekera pa kanema dziko lonse, ndipo chaka chomwecho kampani ya Decca inamulemba. Pa mbale yake yoyamba analembapo kuti ali ndi zaka 9 pamene anali ndi 11, poganiza kuti kamwana kakachepa kwambiri malonda ayenda bwino.

Tionetsetse apa: khomo loyamba limene analowera linali la country. Woyimba amene anamukweza anali wa country, nyimbo yake inali ya country, ndipo "One Step at a Time" ya 1957 inalowa pa mndandanda wa country. Koma chaka chomwecho anayimba "Dynamite", nyimbo yothamanga yokhala ndi kaphokoso kokhadzula kukhosi, ndipo dzina loti Little Miss Dynamite linamukakamira mpaka lero. Anali wamfupi zedi. Ngakhale atakula sanapitirire masentimita 145, koma mawu ake anali a mayi wamkulu. Akuti pamene ankapita kukayimba ku Paris mu 1959, okonza phwando, amene anangomva mbale zake, anadabwa kuona kuti ndi mwana, ndipo manijala wake Dub Allbritten anafalitsa mphekesera yoti ndi munthu wa zaka 32 wamfupi chibadwire. Bodzalo linadzaza holo. Allbritten yemweyu anadzakhalanso mmodzi wa omuyang'anira mwalamulo, ndipo ndalama zambiri za mwanayo zinkasungidwa kudikira kuti akule.

Rock ndi country: ana a nyumba imodzi

Country ndi nyimbo zimene zinakulira kumidzi ya kumwera kwa America pakati pa anthu olima ndi ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Vayolini woyimbidwa movinitsa anabwera ndi azungu ochokera ku Britain ndi Ireland. Banjo inabwera ndi akapolo ochokera ku Africa. Pamwamba pake panalowa nyimbo za kutchalitchi, blues ya anthu akuda, ndi gitala wogoneka amene amamuliza pokhwekhwereza kachitsulo pa nsambo, kalizidwe kamene akuluakulu kwathu kuno ankakatcha hauyani. Azungu ndi akuda osauka a kumeneko ankamverana ndi kubwerekana nyimbo ngakhale malamulo a tsankho ankawalekanitsa.

Amene anadula malire anali amalonda. M'zaka za m'ma 1920 makampani a mbale anagawa msika pawiri: mbale za anthu akuda anazitcha race records, za azungu akumidzi anazitcha hillbilly, dzina lonyoza la anthu a kumapiri. Mu 1949 magazini ya Billboard inasintha mayinawa, zoyambazo nkukhala rhythm and blues, zinazo country and western. Mayina anasintha koma mashelefu anakhalabe awiri.

Rock and roll inabadwa pamene achinyamata anayamba kusakaniza za pa mashelefu onse awiri. Mbale yoyamba ya Elvis Presley, ya 1954 ku Sun Records mumzinda wa Memphis, ikuonetsa bwino: mbali imodzi inali "That's All Right", blues ya Arthur Crudup, mbali inayo "Blue Moon of Kentucky" ya Bill Monroe, nyimbo ya kumapiri yeniyeni, zonse zoyimbidwa mothamanga. Kusakaniza kotereku kunatchedwa rockabilly, ndipo nyimbo zoyamba za Brenda Lee zinali za mtundu umenewu.

Kusiyana kulipo ndithu, khutu limamva. Rock inkatsogoza ng'oma ndi gitala wamagetsi, inali ya dansi, ndipo inkalankhula kwa ana a sukulu amene, nkhondo yachiwiri itatha, anayamba kukhala ndi kandalama m'thumba kogulira mbale. Country inkatsogoza nkhani. Mawu ake ayenera kumveka lililonse, ndipo nkhani zake ndi za akuluakulu: banja logwedezeka, ngongole, mowa, ndende, kwathu kumene unakusiya, Mulungu. Koma mafupa a nyimbozo, makodi atatu kapena anayi a pa gitala, nthawi zambiri ndi amodzi.

Chipinda chimodzi ku Nashville

Rock itabuka, malonda a country anagwa. Wailesi zambiri zinasiya kuziyika, achinyamata anathawa. Ku Nashville, likulu la country, anthu awiri anapeza njira yopulumukira: Chet Atkins wa kampani ya RCA ndi Owen Bradley wa Decca. Onsewa anali mapulodyusa, kutanthauza munthu amene amasankha nyimbo, kuyitana oyimba zida, ndi kulamula kuti nyimbo imveke motani ikamajambulidwa. Anachotsa vayolini wovinitsa uja ndi gitala wa hauyani, zimene anthu a m'tauni ankati nzachimidzi, nkuikamo piyano wofatsa, magulu a mawu oyankhira kumbuyo, ndi mavayolini ambiri oyimba mosalala. Kamvekedwe kameneka kanatchedwa Nashville Sound. Country imene ambiri a ife tinakula tikuimva pa wailesi, ya Jim Reeves ndi mawu ake ozama aja, ndi imeneyi.

Situdiyo ya Bradley inali pa msewu wa 16th Avenue South, m'chinyumba cha malata chozungulira denga chonga cha asilikali, chomata kumbuyo kwa nyumba wamba. Ankaitcha Quonset Hut. M'menemo munkalowa kagulu kamodzi ka oyimba zida aganyu kamene kanadziwika ndi dzina loti A-Team: Floyd Cramer pa piyano, Bob Moore pa besi, Buddy Harman pa ng'oma, Hank Garland, Grady Martin ndi Harold Bradley pa magitala, Boots Randolph pa sakisofoni, ndi gulu la Anita Kerr kapena la Jordanaires kumbuyo. Gawo limodzi la ntchito linali maola atatu, ndipo m'maola amenewo ankayembekezeka kumaliza nyimbo zitatu kapena zinayi. Nyimbo ankaimva koyamba pomwepo. Aliyense ankalemba pa kapepala manambala m'malo mwa mayina a makodi, 1, 4, 5, kuti woyimba akati kiyi yakwera kwambiri, angotsitsa osalembanso. Onse ankayimba pamodzi nthawi imodzi, woyimba ataima pa maikolofoni pakati pawo, ndipo wina akaphonya ankayambiranso onse. Gulu lina likamatuluka, lina linali litadikira pakhomo.

Umu ndimo munajambulidwa "Rockin' Around the Christmas Tree", yolembedwa ndi Johnny Marks. Brenda amasimba kuti Bradley anaika mtengo wa Khirisimasi m'situdiyomo ndi kuziziritsa chipinda kuti mwanayo amve ngati nyengo yafika. Chaka choyamba mbaleyo inangogulidwa pafupifupi 5,000. Chochititsa chidwi nchakuti Cramer, Moore, Harman, Garland ndi gulu la Anita Kerr, amene akumveka m'nyimbo ya rock imeneyi, ndi omwewonso akumveka mu "He'll Have to Go" ya Jim Reeves, yojambulidwa chaka chotsatira ku RCA.

Kenaka kunabwera 1960. "Sweet Nothin's" inafika pa nambala 4. "I'm Sorry", nyimbo yofatsa yokhala ndi mavayolini, a Decca anayamba aisunga kaye poopa kuti mwana wa zaka 15 sangayimbe za chikondi chopweteka anthu nkumukhulupirira. Ataitulutsa inafika pa nambala 1 mu Julayi, ndipo "I Want to Be Wanted" inafikanso pomwepo chaka chisanathe. Mukaimvera "I'm Sorry" lero pambali pa nyimbo za Patsy Cline, yemwe ankajambulitsa kwa Bradley yemweyo m'chipinda chomwecho ndi anthu omwewo, nkovuta kuloza pamene pali malire. Koma za Cline zinkawerengedwa za country, pamene "I'm Sorry" sinaoneke nkomwe pa mndandanda wa country.

Amaika chikwangwani ndani?

Yankho lili pa wailesi. Ku America wailesi zambiri nzamalonda, ndipo iliyonse imasankha mtundu umodzi wa nyimbo kuti ikope gulu limodzi la omvera, limene imakaligulitsa kwa otsatsa malonda. Wogulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi akufuna achinyamata, wogulitsa mathirakitala ndi inshulansi akufuna makolo. Kampani ya mbale ikatulutsa nyimbo imasankha wailesi zoti iitumizeko, ndipo imalipira anthu oyenda kukanyengerera owulutsa kuti aiyike. Billboard nayo imawerengera mndandanda uliwonse kuchokera ku wailesi ndi masitolo a mtundu umenewo. Nyimbo imene sinatumizidwe ku wailesi za country singakwere pa mndandanda wa country, ngakhale itamveka ngati country chotani.

Zili ngati minibasi pa depoti. Galimoto ndi yomweyo, dalaivala yemweyo, koma kondakitala akasintha kachikwangwani ka pagalasi, okwera amakhala ena ndipo msewu umakhala wina. A Decca anaika Brenda chikwangwani cha pop, dzina la nyimbo zotchuka za aliyense, chifukwa kumeneko ndiko kunali ndalama zochuluka. Mu 1961 wailesi zoyika country tsiku lonse zinalipo 81 zokha m'dziko lonselo. Mtsikana wogulitsa mbale mamiliyoni sakanamutsekera m'kamsika kotero.

Ndipo zinayendadi. Pakati pa 1960 ndi 1962 nyimbo zake zinkalowa mu khumi zapamwamba motsatizana: "Emotions", "Dum Dum", "Fool #1", "Break It to Me Gently", "All Alone Am I". M'zaka za m'ma 1960 nyimbo zake 47 zinalowa pa mndandanda, ndipo omuposa anali Elvis Presley, Beatles ndi Ray Charles basi. Anayimba m'Chijeremani, m'Chitaliyana, ngakhale m'Chijapani, ndipo mu 1964 anayimba pamaso pa Mfumukazi Elizabeth II ku London.

Malamulo a kawerengedwe ndi amenenso anabweza nyimbo ya Khirisimasi ija patapita zaka 65. Masiku ano Hot 100 imawerenga kugulidwa kwa nyimbo, kuyikidwa pa wailesi, ndi kumvetseredwa pa intaneti, ndipo kuyambira 2012 nyimbo zakale zimaloledwa kubwereranso zikakhala ndi mphamvu zokwanira. Disembala aliyense mamiliyoni a anthu amatsegula nyimbo zomwezomwezo pa Spotify ndi YouTube, ndiye zakale zimapitirira zatsopano.

Kutchuka kwa ubwana kumatheranji msanga

Mu 1962, ku Star-Club mumzinda wa Hamburg ku Germany, gulu la anyamata a ku Liverpool limene ku America kunalibe wolidziwa linkayimba poyambirira kutenthetsa holo, Brenda nkubwera pambuyo monga mwini phwando. Anali a Beatles. Pasanathe zaka ziwiri zinthu zinatembenuka: mu Febuluwale 1964 anaonekera pa kanema ku America, ndipo sabata ina mu Epulo malo asanu oyamba a Hot 100 onse anali awo. Nyimbo yomaliza ya Brenda kulowa mu khumi zapamwamba za pop panthawiyo inali "Losing You" ya 1963. Iye anali asanakwanitse ndi zaka 20 zomwe.

Anayesetsa. Mu 1964 anapita ku London kukajambula "Is It True" ndi pulodyusa Mickie Most, ndipo pa gitala panali Jimmy Page, amene pambuyo pake anadzayambitsa Led Zeppelin. "Coming On Strong" ya 1966 inafika pa nambala 11. Koma dziko la rock linali litasintha malamulo. Tsopano ulemu unkapita kwa magulu odzilembera okha nyimbo ndi kudziyimbira okha zida, ndipo woyimba wovala diresi ya phwando, woyimba zolemba ena, ankaoneka wa nthawi ya makolo. Palinso vuto limene aliyense wotchuka ali mwana amakumana nalo: omvera ake amakula. Mtsikana amene ankagula mbale zake ali ndi zaka 15 mu 1960, pofika 1968 anali pabanja, ndi mwana kumsana ndi ngongole ya nyumba, ndipo mng'ono wake ankafuna woyimba wakewake, osati wa achemwali. Brenda mwiniwake anakwatiwa mu 1963 ali ndi zaka 18. Ntchito sinamuthere, ankadzaza makalabu a usiku ndi maholo a kunja, makamaka ku Japan, koma wailesi za achinyamata zinamuiwala.

Nanga omvera akale aja anapita kuti? Ambiri a iwo, makamaka a kumwera ndi a m'matauni aang'ono, anatsegula wailesi za country. Bungwe la Country Music Association, lokhazikitsidwa mu 1958 pofuna kupulumutsa malondawa, linagwira ntchito yokopa eni wailesi, ndipo pofika 1969 wailesi za country zinali zitaposa 600. Ndiponso country ya nthawi imeneyo, yosalala, ya piyano ndi mavayolini, inkamveka pafupi kwambiri ndi "I'm Sorry" kusiyana ndi rock yaphokoso ya 1969.

Kusamuka kwake

Sikunachitike tsiku limodzi. "Johnny One Time" ya 1969 inalowa pang'ono pa mindandanda yonse iwiri. Anayesako mapulodyusa ena, ku New York ndi ku Memphis, osaphula kanthu kwenikweni. Allbritten, amene ankamukokera ku pop ndi ku makalabu, anamwalira mu 1971, ndipo Brenda anabwerera kwa Owen Bradley. Mu 1972 anatulutsa "Always on My Mind" Elvis asanatulutse yake, koma sinapite patali. Imene inatsegula chitseko inali "Nobody Wins" ya 1973, yolembedwa ndi Kris Kristofferson, imene inafika pa nambala 5 pa mndandanda wa country. Nkhani yake ndi ya anthu awiri otopetsana m'banja, oti kulozana chala sikukuwathandizanso. Nyimbo yotero mwana wa zaka 15 sakanaiyimba. Mayi wa zaka 28, wa ana awiri, anaiyimba anthu nkumva kuti akudziwa chimene akunena.

Zinatsatira "Sunday Sunrise", "Wrong Ideas", "Big Four Poster Bed" imene inafika pa nambala 4 mu 1974, "He's My Rock", ndipo pambuyo pake "Tell Me What It's Like" mu 1979 ndi "Broken Trust" mu 1980 pamodzi ndi Oak Ridge Boys. Mu 1982 anatulutsa chimbale chimodzi ndi Dolly Parton, Willie Nelson ndi Kristofferson. Nambala 1 ya country ku America sanaipezepo, ndipo malonda sanafike pa a 1960, koma anapeza zaka zina khumi ndi kuposerapo ali pa wailesi, chinthu chimene anzake ambiri otchuka ali ana sanachione.

Mukamvera nyimbo za zaka zimenezi, mawu ndi omwe aja, okulirapo ndi okhwima. Pa zambiri mwa izo pulodyusa ndi yemwe uja, ena mwa oyimba zida ndi omwe aja, mzinda ndi womwe uja. Gitala wa hauyani anabwereramo apo ndi apo, nkhani zinakhala za akuluakulu, ndipo kampani, imene tsopano inkatchedwa MCA, inayamba kutumiza mbale zake ku wailesi zina. Kwa ine, chachikulu chimene chinasamuka ndi adiresi ya pa envelopu.

Sanali yekha panjirayi

Conway Twitty anafika pa nambala 1 ya pop mu 1958 ndi "It's Only Make Believe", anthu ena nkumaganiza kuti ndi Elvis. Mu 1965 anasiya rock nkupita kwa Owen Bradley yemweyo, ndipo owulutsa ena a country poyamba ankamukana pomuona ngati mlendo. Pofika 1970, ndi "Hello Darlin'", anali mmodzi wa mizati ya country. Jerry Lee Lewis, amene mbiri yake inagwa mu 1958 zitadziwika kuti wakwatira wachibale wake wa zaka 13, anadzukanso mu 1968 ndi nyimbo ya country, "Another Place, Another Time". Kenny Rogers, amene kuno timamudziwa ndi ndevu zoyera ndi nkhani za otchova njuga, mu 1968 anali m'gulu la rock la First Edition, ndipo anadzakhazikika payekha mu country ndi "Lucille" mu 1977.

Ricky Nelson ndiye anaona mbali yowawa. Anakulira pa kanema m'sewero la banja lake, ndipo "Poor Little Fool" yake ndiyo inali nambala 1 yoyamba pamene Hot 100 inkayamba mu Ogasiti 1958, iye ali ndi zaka 18. Atakula anayamba kusakaniza rock ndi country. Mu 1971 anayitanidwa ku phwando la nyimbo zakale ku Madison Square Garden mumzinda wa New York, anafika ndi tsitsi lalitali nkuyimbako zatsopano, ndipo m'holomo munamveka kukuwiza. Anthu analipira kudzaona mnyamata wa 1958, osati bambo wa 1971. Iye analemba nyimbo yosimba za usiku umenewo, "Garden Party", imene inalowa mu khumi zapamwamba mu 1972.

Palinso nkhani ya ndalama imene imafotokoza chifukwa chimene woyimba sangangokhala pansi kudya za kale. Ku America, wailesi wamba ikayika nyimbo imalipira wolemba nyimboyo ndi kampani yosunga umwini wa zolembazo, koma woyimba salandira kanthu. Brenda, amene nyimbo zake zotchuka zinalembedwa ndi ena, ndalama yake inali pa malonda a mbale ndi pa maphwando. Kuti anthu abwere ku phwando, dzina liyenera kumamvekabe. Apa country ili ndi chimene rock ya achinyamata ilibe: omvera okhulupirika amene amakalamba ndi woyimba wawo, zionetsero za ulimi za m'zigawo zimene zimalemba oyimba chaka ndi chaka, pulogalamu ya Grand Ole Opry imene yakhala pa wailesi kuyambira 1925, ndi msonkhano wa pachaka woyamba mu 1972 ndi dzina loti Fan Fair, umene tsopano umatchedwa CMA Fest, kumene woyimba amakhala pa tebulo maola ambiri kupatsa moni omutsatira mmodzimmodzi.

Pamenepa mpamene anthu amasiyana maganizo. Ena okonda country yachikale amati Nashville inasanduka kothawirako oyimba amene msika wa pop wawataya, ndipo alendowa amathira madzi m'nyimbo zawo. Ena amayankha kuti Brenda, Twitty ndi Lewis anali ana a kumwera, okulira kutchalitchi ndi pa nyimbo za Hank Williams, ndiye kwawo kunali kubwerera kumudzi. Pa Brenda mbali yachiwiriyi ili ndi umboni wolemera, popeza anayambira pa Ozark Jubilee. Koma mbali yoyamba nayo siyolakwa ikamati bwenzi pop ikumugulabe, kampani sikanasintha adiresi ija.

Chipatacho lero

Njirayi ikadalipo, ndipo alonda ake akadali a wailesi. Darius Rucker anatchuka ndi gulu la rock la Hootie & the Blowfish, limene analiyambitsa ndi anzake ku yunivesite ya South Carolina, ndipo chimbale chawo cha 1994 ndi chimodzi mwa zogulidwa kwambiri m'mbiri ya America. Atafuna kuyimba country payekha mu 2008, anayenda wailesi ndi wailesi kukadzionetsa ngati woyamba kumene. "Don't Think I Don't Think About It" inafika pa nambala 1, ndipo anakhala woyimba wakuda woyamba kufikapo payekha pa country chichokereni Charley Pride mu 1983. Mzere umene amalonda anadula m'ma 1920 uja unali usanafufutike.

Sunafufutikebe kwenikweni. Mu 2019 Billboard inachotsa "Old Town Road" ya Lil Nas X pa mndandanda wa country ponena kuti ilibe zokwanira za country, ndipo mkangano wake unali waukulu. Chimbale cha Beyoncé cha 2024, Cowboy Carter, sichinasankhidwe ndi pamodzi pomwe pa mphoto za Country Music Association, koma mu 2025 chinapata Grammy ya chimbale chabwino cha country. Taylor Swift anayenda njira yomweyo chobwerera: anayamba ndi country ali ndi zaka 16, nkusamukira ku pop mu 2014.

Wofanana kwambiri ndi nkhani ya mwana wa rock ndi Cassadee Pope wa ku Florida. Asanakwanitse zaka 20 ankatsogolera gulu la Hey Monday, loyimba rock yothamanga ya achinyamata, limene linatulutsa chimbale choyamba mu 2008. Gululo litaima, analowa mpikisano wa pa kanema wa The Voice, anaupambana mu Disembala 2012 pansi pa mphunzitsi Blake Shelton, woyimba country, ndipo chimbale chake cha 2013, Frame by Frame, chinayambira pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale za country. Nyimbo yake ndi Chris Young, "Think of You", inafika pa nambala 1 pa wailesi za country mu 2016. Koma nyimbo zake zapayekha zinavutika kupeza malo pa wailesi zimene kwa zaka zambiri zakhala zikuyika amuna kuposa akazi, ndipo iye ananena poyera kuti sakugwirizana ndi zina za tsankho ndi ndale za m'makampani a country. Mu 2024 anatulutsa chimbale cha Hereditary, chobwerera ku rock imene anayamba nayo.